Buku lochipa limadula pambuyo pake

Caka ciliconse mwezi wa Januwale ukafika, masitolo a m'mbali mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya ndi matebulo a pamsika wa Maramba amadzaza ndi milu ya mabuku olembamo. Ambiri ogula ndi makolo a ana a sukulu. Koma pamzere womwewo pamakhalanso anthu ena amene sitiwaganizira kawirikawiri: mlembi wa mphakati amene wangosankhidwa kumene, msungacuma wa bungwe la amai a mumpingo, mlembi wa kopaletivi ya alimi wocokera ku Simonga kapena kwa Mukuni, ndi mai wosunga buku la gulu lobwereketsana ndalama. Onsewa funso lao ndi limodzi: "N'zingati?" Akamva mtengo amayang'ana cikuto, ndipo cikakhala conyezimira amalipira n'kumapita.

Buku la mwana wa sukulu nchito yake imatha temu ikatha. Buku la mlembi ndi losiyana. M'menemo mumalowa maina a obatizidwa, a okwatirana ndi a omwalira. Mumalowa ngongole, zopereka, matumba a fetereza ndi ciwerengero ca ng'ombe. Zimenezi zimadzafunika patapita zaka zisanu, makumi awiri, ngakhale zana, pamene wolembayo anasamuka kale kapena anatsikira kulicete. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu mkati muli nyerere. Lero tikuti titsegule mkuyuwo, tione za pepala ndi inki, maka-maka kwa awo amene amalemba ndi peni ya inki yothira, imene ena amaichula kuti fountain pen.

Phunziro la ku Nyangwe

Tiyambe ndi munthu amene mzinda wathu unatengera dzina lake. David Livingstone, amene anafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya mu Novembala 1855, anali munthu wokonda kulemba zocitika za tsiku ndi tsiku. Mu 1871 ali ku Nyangwe, m'mphepete mwa mtsinje wa Lualaba ku Congo, mapepala ndi inki zinamuthera. Anatenga nyuzipepala yakale ya ku London yochedwa The Standard, ya mu Novembala 1869, naidula n'kupanga kabuku. Inki anaipanga kucokera ku njere za comera cina ca kumeneko, ndipo analemba mopingasa pamwamba pa zilembo zosindikizidwa za nyuzipepalayo.

Pa 15 Julayi 1871 ogulitsa akapolo anaombera anthu pamsika wa Nyangwe. Anthu mazanamazana anafa, ambiri a iwo amai, ena ndi zipolopolo, ena pomira mumtsinje pamene anali kuthawa. Livingstone anaona zimenezi ndi maso ake nazilemba pa masamba a nyuzipepala aja. Nkhaniyo itafika ku Britain kudzera mwa Henry Morton Stanley, inathandiza kukakamiza kuti msika wa akapolo wa ku Zanzibar utsekedwe mu 1873.

Nanga kabuku kaja kanatha bwanji? Inki yakuda ya makina osindikizira inakhalabe, koma inki ya njere ija inazimiririka mpaka munthu sakanatha kuwerenga. Kabukuko, kamene kamasungidwa ku Blantyre wa ku Scotland kumene Livingstone anabadwira, kanakhala cete kwa zaka 140. Mu 2011 m'pamene gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Adrian Wisnicki linaulutsa mau akewo, litajambula tsamba lililonse ndi makamera apadera ndi kuwala kwa mitundu yosiyanasiyana, kuphatikizapo kuwala kumene diso la munthu silikuona. Anapeza kuti zimene Livingstone analemba pa masiku enieniwo zimasiyana m'malo ena ndi zimene zinasindikizidwa m'mabuku iye atamwalira.

Livingstone analibe pogula pepala. Ife masitolo tili nao. Ndipo tisadzinamize: palibe akatswiri amene adzabwera ndi makamera apadera kudzawerenga buku la mphakati wa ku Libuyu kapena la kopaletivi ya ku Kazungula likazimiririka. Wofuna kuona mbali ina ya nkhaniyi apite ku Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934, kumene amasunga makalata ena amene Livingstone analemba ndi dzanja lake. Makalatawo apitirira zaka 150 ndipo akali pomwepo. Wolemba ndi mmodzi yemweyo. Cosiyana ndi pepala, inki ndi kasungidwe.

Inki ikakhudza pepala

Amene anaphunzira sukulu nthawi ya atsamunda amakumbukira desiki lokhala ndi kabowo koikamo kambiya ka inki, ndi peni yoviika. Pambuyo pake kunabwera mapeni othira inki mkati, monga Parker, Pelikan ndi Hero ya ku China, pamodzi ndi botolo la Quink, inki imene kampani ya Parker inayamba kugulitsa mu 1931. Bolopeni, imene László Bíró wa ku Hungary analembetsa mu 1938 ndipo kampani ya Bic inaichipitsa kuyambira mu 1950, ndiyo inadzalanda malo. Komabe ansembe ena, aphunzitsi ndi alembi acikulire sanaitaye peni ya inki. Zifukwa zao n'zomveka: botolo limodzi limatha miyezi yambiri, dzanja silitopa cifukwa peniyo siifuna kukanikiza, ndipo tsamba silikhala ndi mikwingwirima kuseri.

Koma peni imeneyi ndi woweruza wosakondera wa pepala. Inki ya bolopeni ndi yolimba ngati phala la mafuta, motero imakhala pamene yaikidwa ngakhale pa pepala losalongosoka. Inki ya peni yothira ndi madzi osakaniza ndi utoto. Pepala nalo ndi timaulusi tambirimbiri ta mtengo kapena ta thonje topanikizidwa pamodzi, ndipo timaulusi timeneti timamwa madzi.

Mlimi adzamvetsa msanga. Thirani madzi pa mcenga wa kuno kwathu: amalowa nthawi yomweyo n'kufalikira pansi. Thirani pa thanthwe: amangoima, ndipo mukawakhudza amamwazika. Thirani pa dothi labwino la m'dimba: amalowa pang'onopang'ono n'kukhala pamene mwathira. Pepala labwino lili ngati dothi la m'dimbalo. Kuti likhale conco, opanga mapepala amathirako mankhwala ocepetsa ludzu la timaulusi tija, monga mmene amai amaphikira gaga mumphika watsopano wadothi kuti usamadonthe. Kale anali kugwiritsa nchito ulimbo wocokera ku zikopa ndi mafupa a nyama. Masiku ano pali mankhwala a m'fakitale. Wopanga amene afuna kuchipitsa buku amacepetsa mankhwala amenewa, ndipo wogula sangaone ndi maso.

Pepala lopanda mankhwala okwanira limaonetsa matenda atatu. Oyamba, mzere wa inki umatulutsa timizu m'mbali, cilembo n'kunenepa. 3 amafanana ndi 8, 1 amafanana ndi 7, ndipo m'buku la ndalama pamenepo m'pamene pamayambira mkangano. Aciwiri, inki imaboola tsamba n'kutulukira kuseri, nthawi zina mpaka kudetsa tsamba lotsatira, kotero kuti buku la masamba 192 limasanduka la masamba 96 cifukwa mbali imodzi siilembeka. Acitatu, zolembedwa zimaonekera kuseri ngati cithunzithunzi ngakhale inki isanaboole. Matenda acitatuwa ndi opepuka, amabwera cifukwa ca kupyapyala kwa pepala, ndipo munthu angathe kupirira nao. Awiri oyambawo ndiwo oononga.

Palinso pepala losalala mopitirira, lonyezimira ngati la makalendala. Limeneli ndilo thanthwe lija. Inki siilowa, imacedwa kuuma, ndipo mukatseka buku kapena kupititsapo dzanja zonse zimapakika. Pepala lokakala kwambiri nalo limasiya timaulusi pa kampata ka nsonga ya peni, peniyo n'kuyamba kudumpha-dumpha.

Kunenepa kwa pepala si zonse

Pa cikuto ca mabuku ena ndi pa mapaketi a mapepala pamalembedwa nambala yotsatiridwa ndi zilembo gsm. Imeneyi imatanthauza kulemera kwa pepalalo, m'magalamu, likakhala lalikulu mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Pepala la nyuzipepala limakhala la pafupifupi 45. Mabuku ambiri ochipa a ana a sukulu ali pakati pa 50 ndi 60. Pepala la fotokope ndi la 80, ndiye kuti tsamba limodzi la A4 limalemera magalamu 5, ndipo paketi ya masamba 500 imalemera makilogalamu awiri ndi theka.

Kwa buku lofunika kukhalitsa, kuyambira pa 80 kupita m'mwamba ndiye poyambira pabwino. Koma nambala yokha isatipusitse. Ku Japan kuli pepala lochedwa Tomoe River, la 52 cabe, lopyapyala ngati la m'Baibulo, koma lochuka pakati pa okonda mapeni a inki cifukwa inki siiliboola. Ku France kampani ya Clairefontaine imapanga mabuku a pepala la 90 amene nawonso amalandira inki bwino. Pepala lina ndi lopyapyala, lina ndi lonenepa, koma onse awiri ali ndi mankhwala okwanira aja. Mbali inayi, pepala loumitsira inki limene akale anali kuika pa desiki ndi lonenepa kwambiri, koma nchito yake ndi kumwa inki basi. Sitikunena kuti mlembi wa ku Dambwa aitanitse buku ku Japan. Tikunena kuti kukhudza tsamba ndi zala n'kunena kuti "ili ndi lolimba" sikokwanira. Pepala liyenera kuyesedwa ndi inki.

Asidi, mdani wa mkati

Pali vuto lina limene peni singalionetse tsiku logula. Ikani nyuzipepala pawindo kwa masabata awiri: imasanduka yacikasu, ndipo pakapita zaka imathetheka ngati tsamba louma la fodya. Nanga n'cifukwa ciani mabuku ena a zaka 400 ku Ulaya akali oyera ndi ofewa?

Mpaka ca m'ma 1850, mapepala ambiri anali kupangidwa ndi nsanza za thonje ndi bafuta. Anthu owerenga ataculuka, nsanza zinacepa, ndipo mafakitale anayamba kupera mitengo. Mumtengo muli cinthu cina cimene cimaulimbitsa, cochedwa lignin, ndipo cikasiyidwa m'pepala cimalisandutsa lacikasu likaona kuwala ndi mpweya. Kuonjezera apo, mankhwala ocepetsa ludzu amene anali kugwiritsidwa nchito kwa zaka zoposa zana anali kusiya asidi m'pepala. Asidi ameneyu amadula timaulusi tija pang'onopang'ono, usana ndi usiku, buku lili cikhalire pashelefu. Kutentha ndi cinyezi zimafulumizitsa nchito yake, ndipo kuno ku Livingstone zonse ziwiri tili nazo: kutentha kwa mu Okutobala pansi pa malata, ndi cinyezi ca dzinja kuyambira Novembala mpaka Malichi.

Mu 1994 bungwe loona za miyezo pa dziko lonse linakhazikitsa muyezo wa pepala lokhalitsa, wochedwa ISO 9706. Cizindikiro cake ndi nambala 8 yogona cam'mbali mkati mwa kabwalo. Mabuku ena amangolembedwa kuti acid-free, kutanthauza kuti alibe asidi. Mukapeza mau amenewa pa buku limene mufuna kulisandutsa kaundula, dziwani kuti ndalama yoonjezerayo siitayika. Mukapanda kuwapeza, pewani pepala lotuwa kapena lofiirira lokhala ndi timadontho ta zitsotso, lofanana ndi la nyuzipepala.

Kaundula wa parishi

Nkhani yosunga maina m'chalichi siinayambe lero. Ku England, Thomas Cromwell analamula mu 1538 kuti parishi iliyonse izilemba maubatizo, maukwati ndi maliro. Patangopita zaka 60, mu 1598, panatuluka lamulo lina lakuti zonse zikopedwe m'mabuku a zikopa, cifukwa mapepala oyamba aja anali atayamba kuonongeka. Mu Eklezia Katolika, msonkhano waukulu wa ku Trent unalamula mu 1563 kuti ansembe azisunga makaundula a ubatizo ndi a ukwati. Buku la malamulo a Eklezia la mu 1983, pa lamulo 535, limati parishi iliyonse ikhale ndi kaundula wa ubatizo, wa ukwati ndi wa omwalira, kuti alembedwe mosamala, ndi kuti makaundula akale nao asungidwe bwino.

Lamulo lomwelo limati ulimbitso, ukwati ndi unsembe wa munthu zizilembedwanso pambali pa dzina lake m'kaundula wa ubatizo. Taganizani tanthauzo lake. Tsamba limene lalembedwa lero mwana ali m'manja mwa amake lidzatsegulidwanso patapita zaka 12 kapena 15, lidzatsegulidwanso patapita zaka 25 kapena 30, ndipo nthawi iliyonse liyenera kulandira inki yatsopano popanda kung'ambika. Mnyamata amene anabatizidwa ku Maramba n'kusamukira ku Kitwe, akafuna kumanga ukwati, ansembe a kumeneko amafuna umboni wocokera m'kaundula wa kuno. Khadi limene anapatsidwa amake mwina linapsa kapena linadyedwa ndi makoswe. Cotsala ndi mzere umodzi uja m'buku la parishi.

Mipingo ya mumzinda uno siinayambe dzulo. Chalichi ca Anglican ca St Andrew's cinamangidwa ca m'ma 1910, pamene Livingstone anali kukhala likulu la Northern Rhodesia, udindo umene anali nao kuyambira 1911 mpaka 1935. Ansembe a cipani ca Capuchin ocokera ku Ireland anafika mu 1931, ndipo Dayosizi ya Livingstone inakhazikitsidwa mu 1959. Ndiye kuti mu 2031 nchito ya ansembe amenewa idzakwanitsa zaka 100. Tsiku limenelo anthu adzafuna kudziwa maina a akhristu oyamba, a makatekisti oyamba, a amai amene anatunga madzi omangira machalichi a m'makomboni. Makaundula akuluakulu a ku ofesi ya parishi kawirikawiri amakhala a pepala labwino. Nkhawa yathu ili pa mabuku ang'onoang'ono: a m'miphakati, a kunthambi za kumidzi, a makwaya, a mabungwe a amai ndi a acinyamata. Mbiri yeniyeni ya mpingo ili m'menemo, ndipo ambiri a iwo ndi mabuku a ana a sukulu omangidwa ndi timawaya tiwiri.

Buku la mlimi

Mlimi angafunse kuti zimenezi zimkhudza bwanji. Zimamkhudza pathumba. Kuyambira pamene boma linayambitsa thandizo la fetereza mu 2002, limene mu 2009 linasinthidwa dzina kukhala FISP, alimi ambiri amalandira zipangizo kudzera m'makopaletivi ndi magulu. Amene anapereka ndalama yake ndani, anapereka liti, analandira matumba angati: zonsezi zimakhala m'buku la mlembi. Wogulitsa cimanga ku Food Reserve Agency kapena kwa amalonda amafunika umboni wa matumba amene anapereka mpaka tsiku limene adzalipidwa. Woweta ng'ombe amafunika kudziwa tsiku limene zinalandira katemera, tsiku limene zinapita ku dibi, ndi ng'ombe iti imene inabereka thole liti. Magulu obwereketsana ndalama, kaya a SILC a m'maparishi kapena ena, amaima kapena kugwa pa tsiku logawana, pamene buku litsegulidwa pamaso pa onse. Nambala imodzi yopakika ingathetse ubale wa zaka zambiri.

Pali msampha wina watsopano: timalisiti topyapyala tosalala totuluka m'makina a m'masitolo, m'mabanki ndi mwa ogulitsa fetereza. Pa timapepala timeneti palibe inki konse. Makina amatentha mankhwala amene ali pamwamba pa pepalalo, ndipo pamene patenthedwa pamada. N'cifukwa cake lisiti yotere ikakhala m'thumba la malaya, padzuwa kapena pafupi ndi moto, imazimiririka kapena kuda yonse m'miyezi yocepa. Mukaipititsa m'makina oikira pulasitiki kuti muisunge, kutenthako kumaidetsa nthawi yomweyo. Mankhwala ake ndi amodzi: tsiku lomwelo koperani m'buku lanu nambala ya lisiti, tsiku, dzina la sitolo ndi ndalama, ndipo ngati n'kotheka ijambuleni ndi foni kapena icititseni fotokope.

Ena amati masiku ano zonse zili mufoni ndi m'kompyuta. Zimathandiza ndithu, ndipo tikulimbikitsa kujambula masamba ofunika. Koma foni imabedwa, imagwera m'madzi, imasinthidwa. Cilala ca mu 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu Febuluwale caka cimeneco, cinacepetsa madzi ku Kariba mpaka magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. M'masiku amenewo buku ndilo linali kutseguka nthawi iliyonse.

Polemba ndalama, lembani caka conse ca manambala anai, osati awiri omalizira okha. Kumbukirani kuti pa 1 Januwale 2013 kwacha inacotsedwa maziro atatu, ndipo K50,000 inasanduka K50. Mdzukulu amene adzawerenga buku la ngongole lopanda caka angaganize kuti agogo ake anali ndi cuma cimene sanacionepo.

Yesani musanagule ambiri

Safunsa anadya phula. Ngati gulu lanu lifuna mabuku khumi, yambani mwagula limodzi. Tsegulani tsamba lomalizira ndi kucita izi.

Lembani dzina ndi manambala kuyambira 0 mpaka 9 ndi peni imene mudzagwiritsa nchito. Yang'anitsitsani m'mbali mwa zilembo ngati mwatuluka timizu. Tembenuzani tsamba muone ngati inki yaboola. Jambulani mzere, werengani mpaka 20, kenako pititsanipo cala: ngati wapakika kwambiri, pepalalo ndi losalala mopitirira kapena peni ikutulutsa inki yambiri. Donthezani dontho limodzi la madzi pakona: pa pepala labwino limaima kanthawi ngati mkanda, pa pepala laludzu limalowa pomwepo. Kwezani tsamba kudzuwa: ngati likuoneka ngati mitambo, pena pothina pena popyapyala, inki nayo idzayenda mosiyanasiyana.

Mukatero yang'anani msana wa buku. Buku losokedwa ndi ulusi ndilo lokhalitsa. Litseguleni pakati, ulusiwo udzaoneka. Lomangidwa ndi timawaya limacita dzimbiri m'dzinja, dzimbirilo n'kudya pepala mpaka masamba a pakati kuthothoka. Lomatidwa ndi guluu yekha limamasuka m'nyengo yotentha. La waya wopota ndi losavuta kung'ambamo tsamba popanda wozindikira, motero si loyenera ndalama za gulu. Mabuku aakulu a cikuto colimba aja timati counter book ndi abwinopo, koma nawonso amasiyana pepala, conco ayeseni. Buku likalandiridwa, lembani manambala pa masamba onse musanayambe, ndipo wapampando asaine pa tsamba loyamba kuti bukuli lili ndi masamba akutiakuti.

Inki nayo isankhidwe

Pepala labwino ndi inki yosayenera ndi cimodzimodzi nkhokwe yabwino yofoleredwa ndi udzu woola. Inki wamba yabuluu ya ana a sukulu inapangidwa dala kuti izicoka pocapa malaya. Dontho limodzi la mvula lodutsa pa denga lingafafanize tsamba lathunthu, ndipo padzuwa imazimiririka. Inki zofiira, zobiriwira ndi zapepo kawirikawiri zimazimiririka msanga kuposa zakuda.

Inki yokhalitsa imene akale anali kudalira ndi ija yokhala ndi citsulo mkati, imene polemba imaoneka yabuluu koma pakapita masiku imada, cifukwa citsuloco cikakumana ndi mpweya cimamamatira ku timaulusi ta pepala ndipo madzi sacicotsa. Ku England alembi a boma kwa zaka zambiri anali kugwiritsa nchito inki ya mtundu umenewu polemba makaundula a kubadwa, ukwati ndi imfa. Koma si botolo lililonse lolembedwa blue-black limene lili ndi citsulo masiku ano, conco yesani: lembani, dikirani tsiku limodzi, thiranipo madzi. Inki imeneyi ili ndi asidi pang'ono, motero peni izitsukidwa ndi madzi oyera kamodzi pa mwezi ndipo isasiyidwe ndi inki youmira mkati. Palinso inki zakuda za mwaye wosalala kwambiri zopangidwira mapeni othira, zimene sizicoka ndi madzi kapena dzuwa.

Cenjezo lalikulu ndi ili: musathire m'peni yanu inki ya cidindo, inki ya makina osindikizira kapena inki ya ojambula zithunzi. Zimatseka timipata ta peni ndipo peniyo imafa. Ngati pepala limene muli nalo ndi laludzu ndipo palibe lina, gwiritsani nchito peni ya nsonga yaing'ono yotulutsa inki yocepa. Zikakanika, bolopeni yakuda yabwino iposa peni ya inki pa pepala loipa. Pensulo siizimiririka ndi dzuwa kapena madzi, ndipo ndi yabwino m'munda, koma imafufutika, motero si ya ndalama kapena kaundula.

Polemba, ikani kapepala pansi pa dzanja. Thukuta ndi mafuta odzola zikakhudza tsamba, inki imakana kugwira pamenepo. Mukalakwitsa, musapake utoto woyera uja, umene umadzasweka n'kugwa ndipo umabweretsa cikaiko. Dulani mzere umodzi woti mau olakwikawo aziwerengekabe, lembani oyenera pamwamba, n'kusaina pambali.

Posunga

Adani a buku kuno kwathu timawadziwa ndi maina: ciswe, mphemvu, njenjete, makoswe, nkhungu, denga lodontha ndi dzuwa. Thiranki yacitsulo ndi yabwino, koma ikhale pa njerwa kapena pa tebulo, osati pansi, ndipo isagunde khoma kumene ciswe cimakwerera. Mabuku asagone pamodzi ndi mbeu, fetereza, palafini kapena cakudya. Asakhale pafupi ndi malata kumene kutentha kumaunjikana. Musatsekere buku lacinyezi m'pulasitiki, cifukwa nkhungu imakondwa m'menemo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mpweya uli wouma, tulutsani mabuku, atseguleni pamthunzi, apukuteni fumbi ndi kuona ngati mwalowa tizilombo. Tsamba likang'ambika musamate ndi selotepi: guluu wake umasanduka wacikasu n'kulowerera m'pepala. Cotsani mapini ndi timawaya tonse tisanacite dzimbiri. Buku likanyowa, ikani mapepala oyera pakati pa masamba ndi kuliumitsa pamthunzi pamene pakupita mphepo, osati padzuwa kapena pamoto.

Buku likadzaza lisakhale katundu wa mlembi. Alembi amasintha, amasamuka, amamwalira, ndipo pa maliro abale ogawana katundu saona phindu la mabuku akale. Ena amathera koyatsira mbaula, ena kokulungira nsomba ndi tomato pamsika. La mphakati lipite ku ofesi ya parishi, la kopaletivi likhale m'bokosi la kopaletivi, ndipo popereka udindo pakhale kusainirana kuti mabuku angati aperekedwa.

Tikupempha makomiti a maparishi, a miphakati ndi a magulu a alimi kuti pa msonkhano wao wotsatira nkhani ya buku ilowe pa mndandanda wa zokambirana. Mlembi abwere ndi mabuku onse amene ali nao, atsegulidwe pamaso pa anthu, ndipo amene ayamba kuzimiririka akopedwe m'buku labwino pamene eni maina ndi mboni akali moyo. Buku lakalelo lisatayidwe, lisungidwe pambali pa latsopano. Ndipo msungacuma akadandaula kuti buku losokedwa la pepala labwino ndi lodula, afunsidwe kuti mlandu wa ngongole imodzi yosawerengeka ungadye ndalama zingati, ndi masiku angati a kumunda.